Magazi Otsalira M'mutu mwa Paison

Rosettenville, Joni
Lachisanu, 24 Okutobala

Okondedwa achimwene a Lorenso,

Ndiyambe ndi moni monga anatiphunzitsira malemu Baba, ngakhale mtima wanga ukufuna kuyamba ndi zina. Muli tani kumeneko kwa Mlolo? Mama ali bwanji ndi mawondo awo aja? Nanga alamu ndi ana? Ndamva kuti dzuwa la chaka chino lanyanya, mpaka mbuzi zikungogona pansi pa nkhokwe tsiku lonse. Ine kuno thupi lili pyadidi, ntchito ikuyenda. Msana wokha ndi umene umandikumbutsa kuti utsikana unapita.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene tonse tili ndi mafoni. Ndalemba chifukwa pa foni simundimva. Sabata ino ndakuimbirani katatu. Tikamakamba za malata a nyumba yanu netiweki imakhala yolimba, mawu anu amveka ngati muli pakhomo panga. Ndikangotchula dzina la Paison, pomwepo netiweki yathawa. Achimwene, ndinabadwa kale ine, batani lofiira ndimalidziwa. Kalata ilibe batani lofiira.

A Symon, amene amatinyamulira katundu wopita kumudzi, anyamuka mawa m'mawa, ndipo andilonjeza kuti kalatayi akupatsani pamanja Lachitatu. Muiwerenge nokha kaye. Kenako mukawawerengere Mama m'Chisena, pang'onopang'ono, osadumpha pamene pakuwawani. Ndawapatsanso a Symon kachikwama ka sopo, shuga, mafuta opaka mawondo a Mama ndi nsapato za ana a Paison.

Nkhani yanga ndi imodzi. Mng'ono wanu Paison sanachire. Mukamubwezera kiyi wa njinga yamoto Lolemba loyamba la mwezi wa mawa, monga mwagwirizana, mukhala mwamupereka. Sindikuopseza munthu. Ndikunena zimene ndamva kwa anthu amene ntchito yawo ndi mitu yomenyeka, tsiku ndi tsiku.

Ndibwereze zimene anandiuza mkazi wake Molly, kuti ngati ananama mundiuze. Pakati pa mwezi watha Paison ankachokera ku dooko la mabwato atakweza mayi wina ndi thumba la mpunga. Pa kalavati kamene kanagumuka ndi madzi aja, tayala lakutsogolo linalowa mumchenga, njinga n'kumutaya. Anamenyetsa nkhongo pa simenti. Anagona chagada osayankha, mpaka mayi uja anayamba kulira maliro. Kenako anadzuka, n'kudzisasa fumbi, n'kuseka. Anzake a kabaza anamufunafuna bala m'mutu monse osalipeza, ndipo anamuwombera m'manja kuti ndi mwamuna. Anadzutsa njinga, anamangiriranso mpunga, n'kukamutula mayiyo pa Fatima. Tsiku lomwelo anayendanso maulendo anayi.

Chisoti chimene ndinamutumizira chinali pa handulo, chikungolendewera. Akuti m'chigwa muno chisoti chimaphika mutu ngati mbatata, ndiye amachivala akaona apolisi patsogolo basi. Koma abale inu! Ndinayenda tauni yonse kufuna cholimba, ndipo lero chinatuluka pangoziyo chopanda ngakhale kakanda, mwini wake ndiye wosweka.

Kwathu timayeza ngozi ndi magazi. Munthu akachekedwa ndi chikwanje chala, timathamanga naye pa machila, azimayi akulira m'mbuyo. Akamenyetsa mutu pa simenti koma magazi osaoneka, timati Mulungu ndi wamkulu, timupatsa madzi akumwa, abwerere kuntchito. Ngakhale ine ndinkaganiza choncho ndisanabwere kuno. Sindikukunyozani.

Mukudziwa kuti ndimakolopa pa kiliniki ya anthu amasewera, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti theka la odwala athu ndi anthu ogunda mitu, makamaka ana asukulu osewera mpira wogwetsana uja wotchedwa ragibi. Amabwera opanda bala, akuyenda okha, ena akuseka ngati Paison. Dokotala amati ubongo uli ngati phala lofewa m'chikho. Chikho chikagunda pansi osasweka, phala la m'kati lagwedezeka kale. Mwana wotere amamuletsa mpira masabata angapo, foni amuchepetsera, padzuwa asakhalitse. Chimene amaopa kwambiri ndi kugundanso kachiwiri mutu usanapole.

Pamene ndinkayamba ntchito, dokotala ankangokhala ndi katochi kounikira m'maso ndi mafunso apapepala. Lero, ha! Mwezi sutha osabwera amalonda ovala masuti, zikwama zamatayala zili m'mbuyo. Wina anabweretsa magalasi amene munthu amavala, iwo n'kumatsata mmene maso akuyendera. Wina anabweretsa kamphira kovala m'mano, kamene kamatumiza uthenga ku foni ya mphunzitsi mwana akagundidwa kwambiri. Wina anabweretsa kamakina kokwana m'dzanja: amatenga magazi pang'ono pamkono, ndipo tiyi asanazizire kanena ngati munthuyo afunika kukamuunika m'mutu. Chaka chatha anagumula khoma n'kuwonjezera zipinda zitatu za mitu yokhayokha. Zipindazo ndimakolopa ndine.

Amalondawa akabwera amakhala m'chipinda cha misonkhano, ine n'kumawathirira tiyi. Munthu wa chikolopa saoneka, ndiye amalankhula momasuka. Amati malonda amenewa akukwera chaka ndi chaka ndipo sadzatsika, chifukwa makolo achita mantha, masukulu akuopa kuzengedwa milandu, ndipo makampani a inshuwalansi ayamba kulipira. Amaonetsa pakhoma mapu a dziko lonse, mayiko ogula kwambiri atapakidwa mtundu wowala. Ndinafunafuna kwathu pa mapuwo thireyi ili m'manja. Panali potuwa, ngati nyanja.

Molly atandiimbira sabata yachitatu chigwereni, akulira kuti mwamuna wake akusanza m'mawa ndipo wasochera pa njira ya ku dooko imene wakhala akuyenda zaka zinayi, ndinachita chinthu chimene sindinachitepo. Ndinamudikira wamalonda wa kamakina ka magazi uja poimika magalimoto, yunifolomu ili m'thupi, n'kumuimitsa. Ndinamuuza za Paison. Ndinati ndikufuna kugula kamodzi, nditumize kumudzi pa basi.

Sanali munthu woipa, achimwene, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Akanandikalipira bwenzi nditapeza womutukwana. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati kamakinako sagulitsa kwa munthu wamba, tizitsulo take toyezera timafuna firiji yosazima, ndipo magaziwo amayenera kuyezedwa tsiku lomwelo munthu wagunda. Pa masabata atatu, anati, kamakinako sikangaonenso kanthu. Ndinamufunsa kuti nanga kwathu mudzafika liti, poti anyamata a kabaza akugwa tsiku ndi tsiku. Anayang'ana nsapato zake. Anati akudziwa kuti mitu yosweka ndi yochuluka kumeneko kuposa kuno, koma kampani imapita kumene kuli wogula. Anandipatsa cholembera chokhala ndi dzina la kampani yawo. N'chimene ndikulembera kalatayi.

Sindinagonje. M'sitolo ya kiliniki muli magalasi akale aja, awiri, amene anasiya kugwiritsa ntchito atabwera atsopano. Angokhala pa shelefu, ine n'kumawapukuta fumbi Lachinayi lililonse. Ndinapempha abwana kuti andipatse amodzi. Anavomera ndi mtima wonse, koma anandionetsa kuti sayakanso. Kampani ikaona kuti mwasiya kulipira chaka chimenecho imawatseka ili kutali, kudzera pa intaneti. Chinthu chabwinobwino, chosasweka paliponse, chongofa dala. Ndinalowa m'chimbudzi cha antchito n'kulira ngati mwana.

Amene anandipeza m'menemo ndi Sisita Prudence, nesi wa ku Zimbabwe amene timadyera limodzi nkhomaliro. Iyenso ndi mwana wa kumudzi. Anandiuza kuti ndipukute nkhope, makina si ndiwo okha amene ali ndi maso. Anati timuimbire Paison pa nthawi yopuma, iye azindiuza mafunso, ine ndizimasulira.

Tinaimba Lachiwiri lapitali masana, pa foni ya Molly. Paison anasangalala kumva mawu anga, anandiseka kuti ndayamba kulankhula Chisena cha m'mphuno ngati mzungu. Ndinamuuza mawu asanu oti asunge: bwato, mchere, nkhuku, mpando, chingwe. Anawabwereza bwinobwino. Tinacheza pang'ono za mtengo wa petulo, kenako ndinamufunsa mawu aja. Anakumbuka nkhuku yokha. Ndinati atchule miyezi kuyambira Disembala kubwerera m'mbuyo. Anafika pa Okutobala n'kuima, ndipo anakwiya, anati ndikumuyesa mwana wa sitandade wani. Paison ameneyu, amene ankasunga pamtima manambala a foni a makasitomala ake onse!

Kenako anafatsa. Anandiuza kuti ndisadandaule, akangoyambiranso ntchito adzawatenga Baba pa njinga kukawagulira jekete ku Bangula, chifukwa lija lang'ambika m'khwapa. Achimwene, Baba tinawaika chaka cha madzi aakulu chija. Paison ndi amene anagwira kumutu kwa bokosi. Ndinamva Molly akulirira m'chitenje kumbali.

Sisita Prudence anatenga foni n'kumufunsa Molly kudzera mwa ine. Molly anati mutu umamupweteka kwambiri m'mawa, amagona masana ngati woledzera, kapu imamupulumuka m'dzanja lamanzere, ndipo patapata wa kumanzere amavuka yekha poyenda iye osamva. Nesi uja atamva za patapata anasiya kulemba. Anandiuza kuti iye si dokotala ndipo sangayeze munthu pa foni, koma izi zapitirira kugwedezeka kwa ubongo. Anati nthawi zina kamtsempha kamang'ambika pansi pa chigaza, magazi n'kumadontha pang'onopang'ono masabata ambiri, kusonkhana pamodzi n'kumakanikiza ubongo. Anati munthu wotere afunika kumuunika m'mutu ndi makina aakulu a sikani msangamsanga, ndipo akanakhala mlongo wake sakanadikira kuti kuche kawiri. Dokotala wathu nditamufotokozera ananenanso chimodzimodzi.

Tsiku lotsatira m'mawa ndisanakuimbireni, Mama anandiimbira okha, mawu ali m'mwamba ndi chimwemwe. Anati ndithokoze Mulungu, mwana wachira. Azakhali a Agnesi anabwera ndi lezala latsopano ndi nyanga yawo, anamutema mphini m'mbali mwa maso ndi pankhongo, n'kumulumika. Anati magazi anatuluka akuda bii, oundana, odzadza chigoba cha nkhono, ndipo mudzi wonse unabwera kudzaona. Anati linali litsipa lokhalitsa, magazi oipa a pangozi paja tsopano atuluka, anawakwirira kuseri kwa nyumba. Paison anadzuka n'kunena kuti mutu wapepuka, anadya bwino. Inu ndiye munati Molly atulutse kiyi kumene anabisa, munthu abwerere pa siteji mwezi ukangoyamba.

Sindikulimbana ndi azakhali. Manja awo ndimawadziwa, inenso ndili ndi mphini zawo pamsana ndipo sindichita nazo manyazi. Anaona bwino kuti vuto ndi magazi. Koma nyanga imakoka za pakhungu, achimwene. Pakati pa nyanga ya azakhali ndi magazi amene akupha Paison pali fupa. Magazi alionse akakhala m'nyanga amada n'kuundana, ngakhale anu, ngakhale a mbuzi. Amene munakwirira kuseri kwa nyumba ndi magazi abwinobwino a mng'ono wanu. Oipawo akadali m'kati, ndipo akuwonjezekera pamene mukuwerenga kalatayi.

Chimene chikundiopsa n'chakuti kale munali ndi nkhawa, tsopano mulibe. Asanamulumike, Mama ankagona pakhomo pa Paison, inu munkafunsa za galimoto. Lero nonse mwaona magazi ndi maso anu, mitima yakhala pansi, ndipo wotsala ndi nkhawa ndi Molly yekha, mkamwana wopanda mawu pabwalo. Akanena, mumati akufuna kulamulira mwamuna. Musiyeni mwana wa eni, iye ndi amene amachapa zosanza.

Pa foni munandiuza zinthu zitatu musanathawe, ndipo ndikuyankhani chimodzichimodzi. Choyamba munati za ku Joni zimenezo, matenda a azungu a ndalama. Asa! Ndiye kuti chigaza cha Msena ndi cha chitsulo? Kusiyana kwake n'kumodzi: mwana wa kuno akagwa pa udzu wothirira amamuzungulira anthu asanu ndi makina, wathu akagwa pa simenti amamuwombera m'manja.

Chachiwiri munati wapampando wa siteji wanena kuti Paison akapanda kuoneka Lolemba limenelo, malo ake apatsa wina. Ndikudziwa, sindinaiwale kwathu. Ndikudziwa kuti chikwiririkireni minda ndi mchenga, mnyamata aliyense wa kwa Mlolo maso ali pa kabaza, ndipo pali khumi amene akudikira nambala ya Paison. Ndikudziwa kuti njinga imeneyo ikudyetsa nyumba zitatu, ya Mama, yake ndi yanu. Sindikukuwerengerani, njala si mlandu. Koma taganizani munthu amene dzanja lamanzere likupulumutsa kapu, ndiye agwire kilatchi pa mchenga uja, mayi wa mwana kumbuyo. Simudzalira maliro amodzi.

Chachitatu ndi chimene chili chenicheni, zinazi ndi zophimbira. Munati ku Blantyre akakamupeza ndi magazi adzamubowola mutu, ndipo munthu wobowoledwa mutu sabwerera. Munanena mukuopa, ndinamva. Inenso ndikuopa. Ndinamufunsa Sisita Prudence mobwerezabwereza mpaka anatopa nane. Anati kabowo kake ndi kakang'ono, magazi amatuluka, ndipo ambiri amene afika nthawi yabwino amadzuka n'kuzindikira abale awo. Sanandilonjeze kuti onse. Anati osapita ndiye alibe n'komwe mwayi woyesa. Ngati tinalola azakhali kufunafuna magazi amenewa ndi lezala, tilolenso amene angafike pamene ali.

Ndisadziyeretse. Njinga ndinagula ndine. Madzi atatenga munda, ndinkadzitama kuno kuti mlongo wanga sadzapita kukadula nzimbe, adzakhala bwana wa yekha. Pa chithunzi chimene munanditumizira tsiku loyamba, chisoti chinali kale pa handulo, ndinachiona, ndipo ndinangoseka. Ndiponso Molly anandiuza za ngoziyi tsiku lomwe inachitika. Ine amene ndimakolopa zipinda za mitu, ndinafunsa funso limodzi lokha: watuluka magazi? Atati ayi, ndinathokoza kuti takhuta, n'kubwerera ku chikolopa changa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikumva madokotala, koma tsoka litafika pakhomo ndinayankha ngati mwana wa kwa Mlolo. Tsiku limenelo ndikanakuwa, bwenzi pano tikunena zina. Chimenechi chikundidya, sindibisa.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo chichokereni kumudzi sindinakupempheni kanthu. Mutengeni Paison mupite naye ku Blantyre inuyo, sabata yomwe mwalandira kalatayi. Musatume Molly yekha, pa chipatala chachikulu mkazi wa kumudzi wosadziwa makomo amangomuuza kuti abwere mawa. Muyambire pa chipatala cha mishoni mukatenge kalata yotumizira. Mukawauze zonse: kukomoka, kusanza, dzanja, patapata, ndi za Baba. Musakachite manyazi ndi mphini, akaziona okha. Pepala lachingerezi limene ndapinda m'kati muno walemba ndi Sisita Prudence, mukapereke kwa dokotala. Musamukweze pa njinga yamoto ngakhale kumbuyo, mudikire galimoto ya ku Thabwa, akhale kutsogolo. Za ulendo musaganize, a Symon akupatsani ndalama zimene ndawapatsira.

Ndikudziwa kuti ngakhale mutapita, mwina mudzapeza mzere wautali, mwina adzakuuzani tsiku lakutali, mwina tachedwa kale. Sisita sanandibisire. Ndikudziwanso inu, achimwene. Tinakulira m'nyumba imodzi. Mudzawerenga kalatayi pansi pa mtengo wa m'bawa, mudzaipinda kanayi, mudzaiika m'thumba la malaya, n'kunena kuti tione kaye mmene adzukire mawa. Mawa adzadzuka bwinoko pang'ono, chifukwa matendawa amatero, tsiku lina kuwala tsiku lina mdima. Mama adzati mwaona. Lolemba lidzafika. Ndalemba masamba onsewa ndikudziwa zimenezi, koma wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Za kuno palibe zambiri. Magetsi akumazima, chipinda tikukhalabe atatu ndi atsikana a ku Mulanje aja. Mapepala anga atsala miyezi inayi, ndipo m'misewu mwayambanso kuyenda magulu ofunsa anthu kumene anabadwira, ndiye ndikatuluka pa geti ndimatseka pakamwa mpaka kuntchito. Dzulo kunabwera mwana wa zaka khumi ndi zinayi amene anagunda mutu pa mpira. Anamuyeza ndi makina atatu, anapezeka alibe kanthu, mayi ake n'kumugulira ayisikilimu. Ndinakolopa pamene anadontheza. Sindinamuchitire nsanje mwanayo, Mulungu akudziwa.

Mundiperekere moni kwa Mama, muwauze kuti sindinawadule foni mwamwano tsiku lija, mawu ndi amene anandithera. Moni kwa azakhali a Agnesi, muwauze kuti ndathokoza chifukwa anabwera pamene ena anangoyang'ana. Moni kwa alamu ndi ana anu onse, kwa amalume a ku Makhanga ndi a m'nyumba mwawo, ndi kwa amayi a mphakati wathu, apitirize kutipempherera. Kwa mlamu wanga Molly, mumuuze kuti kiyi asatulutse, ngakhale mutamukalipira inuyo, ngakhale atamukalipira Mama, mlanduwo ndi wanga. Ana a Paison muwapsompsone, nsapato zikakula aike mapepala kutsogolo.

Paison mumuuze kuti mlongo wake amamukonda. Akaiwala mumuuzenso.

Ndinapempha tchuthi. Abwana anena kuti chaka chino andilola ulendo umodzi wokha, masabata awiri, ndisankhe ndekha nthawi yake. Mukandiimbira kuti mwakwera galimoto ya ku Thabwa, tsiku lomwelo ndikwera basi, tidzakumane pa chipatala, ndidzagone pansi pa bedi lake ndine, inu mubwerere ku ana. Mukapanda kuimba, ulendowo ndiusunga, ndipo nonse mukudziwa chimene ndikuusungira.

Lachitatu poweruka ndinalowa m'shopu ya nsalu m'tauni kuti ndiwagulire Mama chitenje choti a Symon anyamule. Sindikudziwa mmene zinachitikira. Ndinangopezeka ndili panja ndi mamita asanu a nsalu yoyera, chitenje osagula. Wogulitsa anandifunsa ngati kuli ukwati, ndinati inde. Sindinaipereke kwa a Symon. Ili pansi pa matiresi anga, ndipo ndikugona pamwamba pake. Ndichititseni manyazi, achimwene, chonde. Ndipangitseni kuti ndidzasokere makatani.

Ndine mlongo wanu amene akudikira foni,

Rute